Wotchi ya Ben 10 sanaipangire nkhondo

Ife okonda Ben 10 sitigwirizana mpaka lero. Chiyambire 2005 pa Cartoon Network, mkangano ndi womwewo: Omnitrix, wotchi yomusandutsa Ben Tennyson zolengedwa za m'maiko akumlengalenga ija, ikanagwera pamkono pa wina, zikanatha bwanji? Ena amati msuweni wake Gwen akanaigwiritsa ntchito mwanzeru. Ena amangolimbana kuti wamphamvu ndani, Four Arms kapena Humungousaur.

Ine mtima wanga uli pa Azmuth, amene anaipanga. Iye ankafuna kuti zolengedwa zimvetsetsane, china chilaweko moyo wa chinzake. Amene anaonamo chida chankhondo ndi Vilgax.

Ndiye mwana wanu akati akufuna wotchi imeneyi, musamuseke. Mufunseni kuti, "Utaivala, ungasanduke ndani, nanga ungatani?" Mvetserani bwino: kodi watchula woti akamuthandize, kapena woti akamuswe?