Sipika imodzi, mafoni khumi

Ku hositelo, munthu amene foni yake yalumikizidwa ku sipika ndiye mfumu. Nthawi zambiri Bluetooth imalola foni imodzi yokha kuimba, ndipo mwini wake akangotalikira mamita opitirira 10, nyimbo imayamba kudukaduka. Mayi ake akamuimbira, tonse timangoti duu kudikira kuti amalize kulonjerana. N'chifukwa chake ine ndili kumbali ya mapulogalamu ogawana nyimbo ndi masipika pa netiweki ya m'nyumba momwemo.

Ambirife timayesa kuti Wi-Fi ndi intaneti n'chimodzimodzi, koma ayi. Rauta kapena hotspot ya foni imalumikiza zipangizo ngakhale bandulo itatheratu, monga momwe Xender imatumizira mafayilo popanda kudya data. Nyimbo zili kale m'laputopu ya mnzanu, ulendo wake ndi wa kuchipinda kwake kufika kwanu basi.

Nzeruyi si ya dzana. Sony ndi makampani ena adayambitsa mgwirizano wa DLNA mu 2003 kuti zipangizo za m'nyumba zizimvana. Apple idatulutsa AirTunes mu 2004, yomwe idasanduka AirPlay mu 2010. Koma imene imandisangalatsa ndi Snapcast, pulogalamu yaulere yomwe aliyense angathe kuona mmene idalembedwera. Kompyuta imodzi imaduladula nyimbo m'tizidutswa, kachidutswa kalikonse n'kukalemba nthawi yoti kamveke. Foni iliyonse yolumikizidwa imatchera wotchi yake kuti ifanane ndi ya kompyutayo, motero masipika onse amaimba pamodzi. Popanda zimenezi, zimamveka ngati kwaya yomwe anyamata atsogola, atsikana atsalira.

Komabe chimene chimandikoka kwambiri ndi mndandanda wa nyimbo. Mukaphatikiza Snapcast ndi pulogalamu ngati Mopidy, aliyense amaponya nyimbo yake pamzere kuchokera pa foni yake. Wina aika malemu Lucius Banda, wina amapiano, wina Ethel Kamwendo Banda, ndipo yako umaidikira ukumva za anzako. Mmenemo ndi mmene ndidayambira kumvetsera Giddes Chalamanda mofatsa: mnzanga wina sankalola madzulo kudutsa osamuika. Mahedifoni sangakuchitire zotere. Amangokubwezera zomwe umakonda kale, mpaka kuyamba kuganiza kuti dziko lonse limavina zako.

Sindikunena kuti pulogalamu imathetsa ufumu. Imangousamutsa. Tsopano mfumu ndi wosunga pasiwedi, komanso aliyense amene chala chake chimayabwa pa batani lodumphira nyimbo. Ndipo masipika asanu oimba pamodzi ndi chilango kwa mnzathu wa chipinda chapakati yemwe mawa ali ndi mayeso.

Zimenezi palibe pulogalamu ingatikonzere, n'zofunika kugwirizana pakamwa tisanayatse rauta. Malamulo anga ndi atatu: nyimbo ya mnzako usaidule pakati, usaike ina yako yoyamba isanaimbe, ndipo ikakwana 10 koloko usiku, masipika a pakhonde azimitsidwe.