Miyala ya pagombe la Nkhotakota: ndi agate kapena ayi?

Pagombe la Nkhotakota anthu ambiri amayang'ana mabwato ndi usipa woyanikidwa pathandala. Ine maso anga amakhala pansi. Pomwe mafunde amathera pamakhala timiyala toyera, tosalala ngati mazira a nkhunda, ndipo alendo ena amadzaza nato matumba poganiza kuti apeza agate.

Pepani, tambiri ndi quartz wamba, yemwe mitsinje ngati Bua imakokolola kumapiri. Ndi pachibale ndithu, poti yonse ndi miyala ya silika, koma agate amabadwa mwina. Chiphalaphala cha volokano chikamazizira, mpweya umasiyamo timphako. Madzi okhala ndi silika amalowa m'timphakomo n'kumamata khoma pang'onopang'ono, monga amayi amazirira nyumba, dothi lina pamwamba pa linzake. Mizere yokongola ija imachokera pamenepo, ndipo simungapeze miyala iwiri yofanana mizere. N'zimene zimapengetsa osonkhanitsa miyala.

Agate wotchuka wa kuno kwathu ali kutali ndi nyanja, ku Ngabu m'boma la Chikwawa, wabuluu wofatsa ngati thambo la m'mamawa.

Ndiye wina akakutsatsani mwala kunyanja kuno, musathamangire kutulutsa ndalama. Zokanda pagalasi zija n'zosathandiza, quartz nayenso amakanda. Ine ndimaunyowetsa, n'kuuwalitsa ndi tochi ya foni kuti ndione ngati mizere ilimo. Ukakhala wapinki kapena wabuluu wothobwa m'maso, ndimaubweza, chifukwa agate amamwa utoto ndipo ogulitsa ena amadziwa zimenezo.