Bango linandichotsa pa mlandu wa madzi

Ndimaweta makumba ndi chilunguni m'madamu awiri kwathu ku Mpamba, m'boma la Nkhata Bay. Fizi ya ana imachokera m'madamu amenewa, koma panatsala pang'ono kuti mudzi undilamule kuwakwirira.

Matenda a zilonda atabuka mu nsomba ku Mchinji mu 2020, alimi tinagwidwa mantha. Nsomba ikangooneka yofooka, tinkathamangira mchere ndi laimu. Madamu anga anali kale obiriwira ndi manyowa a nkhuku ndi gaga. Tsiku lokolola ndikatsegula ngalande, madzi amchere aja pamodzi ndi thope lakuda lonunkha ankatsikira mu kamtsinje kolowera ku Limphasa.

Kumunsiko n'kumene amayi amaviika chinangwa cha kondowole. Chinayamba kutuluka chakuda, chafungo. Mpiru wa mnansi wanga unapsa m'mbali mwa masamba. Ndinaitanidwa ku bwalo, ndipo mayi wina wachikulire anandiyang'ana n'kunena kuti, “Ada, nsomba mukudya nokha, koma fungo tikudya tonse.” Afumu anagamula kuti ndikonze, apo ayi ndikwirire. Tulo tinandithawa. Ngakhale ku tchalitchi, moni ankachita kundiponyera.

Mulungu anandiyankha kudzera mwa mlangizi wa za nsomba. Atayendera malowo anati, “Bambo, dambo limasefa madzi popanda womulipira. Kumbani lanu.”

Tinakumba maenje atatu osaya, otsatizana. Loyamba ndi loti thope lidikhe. Lachiwiri tinayalamo miyala ndi mchenga, n'kudzalamo bango ndi njedza. Lachitatu tinalizunguliza ndi vetiva. Madzi timawatulutsa pang'onopang'ono kuti agonemo masiku angapo. Mizu imamwa chonde cha manyowa, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala pamizupo timawoletsa zotsalira. Bango likakula timadula, chifukwa likawolera momwemo chonde chija chimabwereranso m'madzi.

Za mchere anandiuza mosabisa kuti bango limangoupirira, siliuchotsa. Choncho mchere sulowanso m'damu. Nsomba yodwala ndimaisambitsira m'beseni, madziwo n'kukataya m'dzenje lakutali ndi mtsinje ndi madimba.

Sizinatheke tsiku limodzi. Mvula ya kuno sinyengerera: inagumula khoma la dzenje lachiwiri bango lisanagwire, ndipo tinayambiranso. Litagwira, ndinatunga madzi otuluka m'dzenje lomaliza m'chidebe choyera, n'kupita nawo ku bwalo. Mayi uja anawanunkhiza, nati, “Awa ndiye madzi.” Mlandu unathera pomwepo.

Lero thope la m'dzenje loyamba ndimathira ku nthochi, bango timalukira mphasa, ndipo mnansi wanga uja ndi amene amandigwirira khoka tsiku lokolola. Ndikuthokoza Mulungu ndi mlangizi uja. Anzanga a madamu, musanagule mbewu ya nsomba, yambani mwatsata ngalande yanu mpaka kumene ikuthera, muone amene akukhala kumeneko.