Mphuno Isanamize Lilime: Za Tiyi Wonunkhiritsa

Ntchito yanga ndi yolawa ndi kusakaniza tiyi wa masamba, uja wosatsekeredwa m'timatumba, amene timamuwonjezera fungo la zipatso, maluwa kapena zonunkhira zina. Anthu ambiri akamva zimenezi amayesa kuti luso lonse lagona pa kusankha fungo, tsambalo n'kungokhala chonyamulira. Maganizo amenewa ndi amene amachititsa kuti munthu agule paketi yonunkhira bwino m'sitolo, koma akafika kunyumba n'kupeza kuti m'kapu muli madzi ofiira owawa basi, fungo lija lapita. Chimene ntchitoyi imaphunzitsa n'chakuti tiyi wonunkhiritsa ndi tiyi ndithu. Amakoma kapena kuipa malinga ndi tsamba limene lanyamula fungolo, ndiponso malinga ndi mmene munthu wamukonzera. Kununkhira kwa masamba ouma kumakopa wogula, koma palibe amamwa masamba ouma, n'chifukwa chake ife olawa sitiweruza tiyi asanakumane ndi madzi.

Poyambira pake ndi khalidwe la tsambalo. Tiyi amatuluka m'fakitale atauma kwambiri, chinyezi chotsalamo chili pafupifupi magawo 3 pa 100 aliwonse, ndipo tsamba louma chotero limayamwa chinyezi ndi fungo lililonse limene lili pafupi. Amisiri a ku Fuzhou, m'chigawo cha Fujian ku China, luso lawo lonse latsamira pamenepa. Amathyola maluwa a jasmine masana asanamasule, ndiye usiku akayamba kumasula amawasakaniza ndi tiyi wobiriwira. Kukacha amachotsa maluwawo n'kuumitsanso tiyiyo, ndipo ngati ndi wapamwamba amabwereza zimenezi kangapo, ulendo uliwonse ndi maluwa atsopano. N'chifukwa chake jasmine wabwino nthawi zambiri alibe duwa looneka m'paketi, fungo lonse lili m'tsamba. Ku mapiri a Wuyi, m'chigawo chomwecho, tiyi wa Lapsang Souchong amamuumitsa pa utsi wa nkhuni za paini. Earl Grey, amene ambiri amamudziwa, ndi tiyi wakuda wothiridwa mafuta a khungu la bergamot, chipatso cha mtundu wa malalanje chimene chimalimidwa kwambiri ku Calabria, kummwera kwa Italy. Njira zitatu zosiyana, koma zonse zikudalira tsamba limene silikana fungo. Vuto lake n'lakuti tsambalo silisankha. Likagona pa shelefu ya golosale pafupi ndi sopo, palafini kapena usipa, limatenga zimenezonso, ndipo likazitenga silibweza.

Polawa timatsata ndondomeko imodzi kuti tiyi aliyense aweruzidwe mofanana. Muyezo wodziwika padziko lonse wa ISO 3103 umati magalamu 2 a masamba pa mamililita 100 a madzi owira, n'kusiya kwa mphindi 6 m'kapu yovundikira. Tiyi wotero amatuluka wamphamvu kuposa amene munthu angamwe posangalala, ndipo n'cholinga: kumeneko ndiye zolakwika zonse zimaonekera. Timatunga ndi supuni, n'kupsontha mwaphokoso kuti tiyiyo amwazike m'kamwa monse pamodzi ndi mpweya, kenako timalavula. Kwa woonerera ndi mwano, koma phokosolo lili ndi ntchito. Lilime limangodziwa kutsekemera, kuwawasa, kuwawa, mchere ndi kukoma kwa msuzi. Zina zonse zimene timati kukoma kwa mango kapena kwa lalanje ndi fungo limene limakwera kuchokera kukhosi kupita kumphuno. Tiyi wa fungo la mango alibe shuga wa mango. Mphuno imalonjeza kutsekemera, lilime n'kukumana ndi tsamba. Tsambalo likakhala losakoma, palibe choliphimba, ndipo womwayo amathamangira shuga osadziwa chimene chamukhumudwitsa. Pachifukwa chimenechi ndimayamba ndalawa tsamba palokha, lopanda chowonjezera chilichonse. Likakhala kuti silimweka lokha, sindilisakaniza ndi kanthu. Likapambana, ndimasakaniza pang'ono, n'kutsekera kwa masiku angapo kuti fungo likhazikike, kenako n'kulawa tiyiyo ali wotentha, ali wofunda ndiponso atazizira, chifukwa fungo lothira mopitirira limadziulula tiyi akazizira: limamveka ngati mankhwala.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi mbali yake. Minda ya tiyi ya ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay imatulutsa makamaka tiyi wakuda wodulidwa tizidutswa ting'onoting'ono ndi makina, amene amagulitsidwa pa okushoni ya ku Limbe kapena mwachindunji kwa ogula akunja, ambiri a ku South Africa ndi Britain. Amamukonda chifukwa cha kufiira kwake kowala, ndipo amamusakaniza ndi tiyi wa kwina popanga wa m'timatumba. Tizidutswa totero timatulutsa mtundu ndi mphamvu zake mwachangu, zimene zimayenderana ndi mkaka ndi shuga. Zimayenderananso ndi zonunkhira zamphamvu monga jinja, sinamoni ndi khungu la lalanje. Koma maluwa ndi masamba a fungo lofatsa amamira mu tiyi wotere. Amafuna tsamba lathunthu, lopotedwa osadulidwa, limene limamasuka pang'onopang'ono m'madzi. Tsamba lotero likupezeka kwathu komwe kuno: esiteti ya Satemwa ku Thyolo, imene inayamba mu 1923, imapanga tiyi wobiriwira, woyera ndi oolong kuwonjezera pa wakuda. Zosakanizira nazonso sizisowa. Udzu uja wonunkhira ngati mandimu umamera kuseri kwa nyumba zambiri, ndipo umagwirizana ndi tiyi wobiriwira. Minti ndi chimodzimodzi, monga amachitira ku Morocco. Chidede chokha n'chofunika kusamala nacho, chifukwa chimafiiritsa ndi kuwawasa msanga moti chikachuluka pang'ono chabe, tiyi samvekanso, mumangomwa chidede.

Alipo anzanga pa ntchitoyi amene amanyoza tiyi wonunkhiritsa yense. Iwo amati fungo lowonjezera ndi chophimbira tsamba loipa, ndipo tiyi wabwino safuna thandizo. Mbali ina akunena zoona. Pamsika pali tiyi wambiri amene ndi masamba okhalitsa, otha mphamvu, owazidwa fungo la sitiroberi kuti agulike, ndipo wopanga wosakhulupirika amadziwa kuti wogula adzanunkhiza koma sadzalawa. N'zoonanso kuti pali masamba ena apamwamba amene kuwathira kanthu n'kuwawononga. Koma mfundo yawoyo ikutsimikizira zimene ndikunena, sikuzitsutsa. Chimene chimaipa mu tiyi wotchipa uja ndi tsamba, osati kuti wanunkhiritsidwa. Anthu a ku Fuzhou sangataye usiku wambiri ndi maluwa ochuluka chotero pa tsamba lachabechabe. Ndipo pali tsamba lapakatikati, laukhondo, lamphamvu koma lopanda fungo lakelake lodziwika, limene ndi lochuluka kuposa lina lililonse padziko. Tsamba limenelo likakumana ndi bergamot kapena jinja woyenera limasanduka chakumwa chokoma kuposa mmene likanakhalira lokha. Kulikana ndi kunyada chabe.

Ena amatsutsa kuchokera mbali ina. Amati iwo amafuna zachilengedwe zokhazokha, ndiye amasankha paketi imene mukuoneka zidutswa za zipatso ndi maluwa amitundumitundu, n'kumakayikira paketi yolembedwa kuti muli fungo lothira. Apa maso amanamizanso. Chidutswa cha apulo kapena cha mango chouma chimatulutsa fungo lochepa kwambiri m'mphindi zitatu kapena zinayi zimene masamba amakhala m'madzi, ndipo timaluwa tamitundumitundu tija timaikidwa kuti tikongoletse. Pafupifupi tiyi yense wa fungo la chipatso amene amamveka bwino m'kapu amakhala atathiridwa mafuta kapena madzi a fungo, kaya otengedwa ku chomera kaya opangidwa, ndipo zidutswa zooneka zija zimangolemeretsa paketi pa sikelo. Zimene zimanunkhiritsa zokha popanda thandizo ndi zimene zili ndi mafuta ambiri mwachibadwa: khungu la mandimu ndi malalanje, jinja, sinamoni, minti ndi udzu wa mandimu uja. Sindiona cholakwika ndi fungo lothira likakhala laukhondo ndiponso la muyezo. Chimene ndimadana nacho ndi paketi imene theka lake ndi zokongoletsa, wogula n'kulipira mtengo wa tiyi.

Kutsutsa kwamphamvu kwenikweni kumachokera kukhitchini. Ambiri tinakula tikuona masamba akuponyedwa m'poto wa madzi owira pa mbaula, n'kubwata mpaka tiyi atada, kenako shuga ndi mkaka, ndipo tiyi ameneyo ndi mbatata kapena chinangwa m'mawa alibe chifukwa. Wina angafunse kuti, nanga za mphindi ndi madigiri zikubwera bwanji? Ku India nakonso tiyi wa masala amamuwiritsa pamodzi ndi mkaka ndi zonunkhira, ndipo palibe amadandaula. Yankho lili pa zimene zili m'potomo. Jinja ndi muzu, sinamoni ndi khungwa, ndipo zinthu zolimba chotero zimafuna moto kuti zitulutse zimene zili nazo. Mkaka nawo umagwira zinthu zija za mu tiyi zimene zimakhakhalitsa lilime ngati wadya nthochi yosapsa, n'kuzifewetsa. Choncho kuwiritsa n'koyenera pa tiyi wodulidwa, wa mizu ndi makungwa, womwera mkaka. Koma fungo la duwa, la minti kapena la bergamot ndi mafuta opepuka amene amauluka ndi nthunzi. Nyumba yonse ikamanunkhira tiyi ali pamoto, dziwani kuti fungo limene munagula lili m'mwamba, silili m'kapu. Pa nthawi yomweyo tsamba likupitiriza kutulutsa kuwawa. Mumataya chimene mumafuna, n'kuchulukitsa chimene simufuna.

Zofunika kusintha si zambiri, ndipo sizilira chipangizo chogula. Madzi awire paokha, muwaphule, muwathire pa masamba m'tipoti kapena m'kapu, n'kuvundikira, ngakhale ndi sosala. Kuvundikirako ndiye kofunika kuposa zonse pa tiyi wonunkhiritsa, ndipo timadontho tapansi pa chivundikiro tibwerere m'kapu momwemo. Supuni yaing'ono imodzi yodzaza imakwana kapu imodzi, koma tsamba lathunthu, poti ndi lotukumuka, limafuna yosefukira. Tiyi wakuda akhale mphindi zitatu kufika zinayi, kenako asefedwe yense, osasiya masamba akusambira m'tipoti kudikira kapu yachiwiri. Amene akufuna tiyi wamphamvu awonjezere masamba, osati mphindi. Madzi a tiyi wakuda athiridwe atangowira kumene, makamaka kumtunda: ku Blantyre, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 97, osafika 100, ndiye palibe kutentha kotaya. Tiyi wobiriwira ndi wosiyana. Amafuna madzi a madigiri 75 mpaka 80 ndi mphindi ziwiri zokha, ndipo amene amati tiyi wobiriwira ndi wowawa kawirikawiri amakhala atamupsereza ndi madzi owira. Popanda choyezera kutentha, makapu anayi a madzi owira ndi kapu imodzi ya madzi ozizira amafikitsa pafupi ndi pamenepo.

Madziwo nawo ali ndi mbali yawo. A pampopi akamamveka klorini, ndi bwino kuwatunga n'kuwasiya pachidebe chosavundikira kwa maola angapo. A pamjigo m'madera ena amakhala ndi laimu wambiri, amene amadetsa tiyi, kuyandamitsa kachikungu pamwamba ndi kupha fungo lofatsa. Kumalo kotero jasmine amavutika, pamene tiyi wa jinja sadandaula, ndipo nzeru n'kusankha tiyi woyenerana ndi madzi amene muli nawo kusiyana n'kulimbana nawo.

Za mkaka ndi shuga sindilamula munthu. Mkaka umayenda bwino ndi tiyi wakuda wa sinamoni, jinja kapena vanila, ndipo Earl Grey amaulola pang'ono. Ndi chidede kapena madzi a ndimu umadukaduka chifukwa cha asidi, ndipo pa tiyi wobiriwira umangophimba zonse. Shuga wochepa amathandizadi fungo la chipatso kumveka, poti amakwaniritsa lonjezo lija la mphuno. Koma masupuni atatu kapena anayi amafananitsa tiyi aliyense, ndipo munthu amene amamwa chotero sakupindula kanthu pogula tiyi wodula. Ndimangopempha kuti alawe kaye kamodzi asanathire.

Patsala nkhani ya mtengo, imene siyenera kuzembedwa. Tiyi wa masamba athunthu ndi wodula kuposa wa m'paketi wamba, ndipo si banja lililonse lingamugule. Komabe magalamu 100 amatulutsa makapu 40 kapena kuposerapo, ndipo tsamba lathunthu, makamaka lobiriwira ndi oolong, limalola kuthiridwanso madzi kachiwiri. Kapu yachiwiriyo ndiyonso muyeso wabwino wa zimene munagula: fungo longowaza pamwamba limatha ndi madzi oyamba, pamene lolowerera m'tsamba, ngati la jasmine weniweni, limamvekabe. Amene sangakwanitse angathe kusakaniza yekha. Khungu la lalanje losendedwa mopyapyala, lopanda choyera chija chowawa, likaumitsidwa pamthunzi mpaka kuthyoka n'kutsekeredwa m'chitini ndi tiyi wakuda wabwino kwa sabata imodzi, limapereka fungo loona. Chofunika n'chakuti liumitsitse, chifukwa chinyezi chochepa chabe, makamaka nthawi ya dzinja, chimachititsa nkhungu. Chitinicho chikhale chotseka bwino, kutali ndi dzuwa ndi utsi wa kukhitchini, ndipo fungo lililonse likhale ndi chitini chakechake. Musasakanize wambiri nthawi imodzi: mafuta a malalanje ndi mandimu amazilala pakapita miyezi yochepa, tsambalo likadali ndi mphamvu zake.