Kucokera ku Mbare Kukagona pa Ilala

Ine ndinabadwira ku Mbare, m'Harare, koma atate anali a ku Nkhata Bay. Anamwalira ali mchona, osaionanso nyanja. Mu July 2017 ndinapita kukaiona ine.

Pa Monkey Bay ndinakwera Ilala, sitima imene inayamba nchito mu 1951. Kalaliki anandifunsa: kabini kapena pamwamba poyera? Ndinawerenga ndalama zanga. Ndikadalipira kabini, zolipirira kumira m'madzi zikadapereweza. Ndinasankha pamwamba, masiku awiri. Mwera unandikwapula usiku wonse. Abale, musaiwale bulangete.

Pa Nkhata Bay mphunzitsi anandimanga botolo la mpweya kumsana, tinatsikira ku miyala. Mbuna zabuluu ndi zacikasu zinandizinga, zomwe zija atate ankatisimbira madzulo.