Gasiketi ya Supra ya amalume

Amalume atamwalira, ena anatenga masofa, ena TV. Ine anandisiyira motoka imene aliyense m'banja anali kuiopa: Toyota Supra ya 1989, injini ya 7M-GTE, masilinda 6, malita 3, ndi turbo yake. Amalume anali kuikonda kupambana ena a ife, ndipo apa sindiseka.

Ndinaiononga ndine. Paipi ya madzi inadontha masabata awiri, ine n'kumangothira madzi m'mawa uliwonse monga ndithirira repu. Tsiku lina pa Great East Road, pochokera ku Chongwe, singano ya temperecha inakwera, ine ndati ndifike chabe kunyumba. Kufika ndinafika. M'mawa mwake ekizosi itulutsa utsi woyera, madzi a mu radiyeta achita thovu, oilo yasanduka monga tiyi wamkaka. Head gasket yapsa.

Kwa inu amene simunatsegulepo injini, gasiketi imeneyi ndi kanthu kopyapyala kokhala pakati pa block ndi head. Ntchito yake ndi kulekanitsa zinthu zitatu zosafunika kukumana: moto wa m'masilinda, madzi ndi oilo. Pa 7M, block ndi ya cast iron koma head ndi ya aluminiyamu. Zikatentha, aluminiyamu imafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, ndiye gasiketi imakhalira kukhuzidwa uku ndi uku. Turbo nayo imakankhira mpweya wambiri m'masilinda, mphamvu yonseyo n'kumakanikiza malo omwewo.

Ndinagona pa foni usiku uwiri. Kulikonse nkhani inali imodzi: gula yachitsulo, imene amati MLS, ya timapepala ta stainless steel tosanjikiza, monga za HKS kapena Cometic. Yamasiku onse, ya composite yokhala ndi graphite, anali kuikamba monga chinthu cha anthu osauka. Mtima unagwa pa yachitsulo. Kuwailesi timagwira modzipereka, palibe malipiro, ndiye ndalama inali yochokera ku u-MC wa maukwati, imene ndinasunga miyezi ingapo. Ndinali wokonzeka kuitumiza yonse ku Johannesburg.

Ndisanatumize, ndinapita kwa amdala a ku Chilenje amene anali kukonzera amalume motoka. Head inali itachotsedwa kale. Sanayang'ane n'komwe zithunzi za pa foni yanga.

"Bwela kuno mwana wanga, pitisa chala apa."

Ndinapititsa chikhadabo pamwamba pa block. Chinali kukodwa m'timizere ndi timaenje ta dzimbiri pafupi ndi mabowo a madzi.

"Wamvela? Ya nsimbi siikhululuka."

Apa ndi pamene panali nkhani yonse, ndipo pa foni ndinali kupadumpha. Graphite ndi yofewa, imalowa m'timizere n'kutseka. Yachitsulo ndi yolimba, imafuna kuti head ndi block zonse zikhale zosalala pafupifupi monga galasi. Ukaiika pa block yokandika, madzi amapeza njira, ngakhale gasiketiyo ikhale yodula bwanji. Kusalaza block kutanthauza kutsitsa injini yonse, kuimasula, kuinyamula kupita ku machine shop, ndipo pa 7M chivundikiro cha timing chimene chimagundana ndi block chiyenera kupalidwa pamodzi nayo, chifukwa gasiketi imagona pa zonse ziwiri. Ndalama ya zimenezo ndinalibe.

"Ufuna kukweza boost?" anandifunsa.

"Iyayi, atate."

"Manje ya nsimbi ni ya chani? Ya kuonesa anzako?"

Zinandiwawa chifukwa zinali zoona. Ndinali nditaganiza kale mmene ndizakambira kwa anyamata kuti mkati muli HKS.

Tinagula ya composite yoyenera injiniyo. Head inali itapindika pang'ono ndi kutentha, ndiye tinaipereka kuti aipale. Apa napo pali msampha: ukapala kwambiri, compression imakwera kuchoka pa 8.4:1 imene injini inabadwa nayo, ndipo injini ya turbo imayamba kugogoda, mapisitoni n'kuonongeka. Ndiye chifukwa chake gasiketi zachitsulo zimagulitsidwa zokhuthala mosiyanasiyana. Yathu anachotsako pang'ono chabe, gasiketi yamasiku onse inakwana.

Tsiku lomanga, amdala anatha nthawi yaitali pa mabauti kuposa pa gasiketi. Mabowo onse 14 anawatsuka limodzilimodzi, mabauti n'kuika atsopano. Anamanga ndi torque wrench, kuyambira pakati kupita kumapeto, maulendo atatu. Buku limati 78 Nm, eni ma Supra ambiri amafika cha ku 98, ndipo amdala anatsata amenewa. Ine ntchito yanga inali kugwira tochi ndi kukhala chete.

Paipi ija, imene mtengo wake sunafike ngakhale pa thanki imodzi ya petulo, ndinaisintha ndekha.

Pa Sande ndinabwereranso ku Chongwe. Wailesi ndinaizimitsa, ngakhale inali nthawi ya pulogalamu ya mnzanga, kuti ndizimva injini. Njira yonse diso limodzi linali pamsewu, lina pa singano. Inaima pakati mpaka pa mlatho, ndipo pobwerera ndinaima kawiri kusuzumira pansi ngati pali chodontha.