Kalata Yochokera ku Johannesburg: Za Mzindawu ndi Mamota a Makina Osemera

Kwa amalume, mayi ndi onse a pamudzi kwa Malemia,

Mwana wanu amene ali ku Johannesburg akulemba kalatayi pofuna kufotokoza za mzinda umene akukhalamo komanso kuyankha funso la mng'ono wake, mmisiri wa matabwa pa Domasi, amene akufuna kudzipangira makina osemera zitseko ndi zikwangwani.

Mzindawu, umene kumudzi amangouti Joni, unayamba mu 1886 pamene golide anapezeka pa Witwatersrand, ndipo milu ya dothi lachikasu lochokera m'migodi ikuonekabe kummwera kwake. Unamangidwa pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750, msinkhu wosasiyana kwenikweni ndi wa pamwamba pa phiri la Zomba, n'chifukwa chake chisanu cha mu Juni ndi Julaye chimaluma kuposa cha m'chigwa cha Domasi. Agogo ankabwera kuno pa Wenela mpaka 1974, pamene Kamuzu analetsa ulendowo ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu akwathu oposa 70. A lero amabwera pa basi, ndipo ambiri a ku Zomba, Machinga ndi Mangochi amapeza pogona ku Mayfair ndi Fordsburg, kufupi ndi mizikiti. Chimene wolembayu amachisirira kwambiri si nyumba zitalizitali za ku Sandton, koma timashopu ta amisiri ta ku Booysens ndi Selby, ngakhalenso magalaja a anthu wamba, momwe munthu amalumikiza yekha makina otchedwa CNC, kutanthauza makina osema kapena kudula motsogozedwa ndi kompyuta.

Makina otere amayendetsedwa ndi mota yotchedwa stepper, imene sizungulira mosalekeza ngati ya pachigayo, koma imasuntha pang'onopang'ono mowerengeka, kawirikawiri masitepe 200 kuti izungulire kamodzi, sitepe iliyonse madigiri 1.8. Motayi siilumikizidwa kumagetsi mwachindunji, chifukwa pakati pake ndi kompyuta pamakhala kabokosi kotchedwa driver, kamene kamalandira lamulo n'kumapatsira mawaya a motayo magetsi oyezedwa. Apa ndi pamene amisiri ambiri oyamba kumene amataya ndalama, popeza amagula mota poona kukula kwake, kabokosiko n'kukafuna pambuyo, pamene ziwirizi zimayenera kusankhidwa limodzi monga mmene khasu limasankhidwira ndi mpini wake.

Mng'ono wake adziwe kuti mawu akuti NEMA 17, NEMA 23 kapena NEMA 34 amangonena kukula kwa nkhope ya mota, mamilimita pafupifupi 42, 57 ndi 86, osati mphamvu zake. Choyamba kuyang'ana ndi maampeya, muyeso wa magetsi amene motayo imafuna. Kabokosi kakang'ono ka A4988 sikapitirira maampeya 2, ndipo kamayenera mamota ang'onoang'ono ngati NEMA 17. Kukalumikiza ku mota ya maampeya 3 n'kupatsa ng'ombe yolima chakudya cha mbuzi. Ka DM542 kamafika maampeya 4.2 ndipo kamalandira mavolti 20 mpaka 50, motero kamagwirizana ndi NEMA 23, imene imakwanira pa makina osemera matabwa.

Chachiwiri, chimene ogulitsa satchula kawirikawiri, ndi inductance, ndiko kuti kukanika kwa waya wokulungidwa m'motamo kulola magetsi kusintha msanga, ndipo imayezedwa m'mamilihenri. Mota ya inductance yambiri imalimba ikaima, koma ikathamanga mphamvu yake yopotokola imatsika mofulumira, chifukwa magetsi sapeza mpata wodzaza m'waya sitepe ina isanafike. Mankhwala ake ndi mavolti ambiri, ndipo amisiri amayerekeza malire ake pochulukitsa 32 ndi muzu wa nambala ya mamilihenriwo: mota ya mamilihenri 4 imalola mavolti 64, pamene ya 16 imafuna oposa amene DM542 ingapirire kuti ithamange bwino. N'chifukwa chake mota yaikulu pa kabokosi kofooka imagonja kwa yaing'ono yogwirizana bwino ndi kabokosi kake. Choopsa n'chakuti stepper ikalephera sitepe siidziwitsa kompyuta, ndiye makinawo amapitiriza kusema pamalo olakwika mpaka thabwa la mlombwa, lodula chonchija, litaonongeka.

Maganizo a wolembayu ndi akuti mng'ono wake ayambe ndi mamota atatu a NEMA 23 a maampeya pafupifupi 3 ndi mamilihenri osapitirira 4, timabokosi titatu ta DM542, ndi chopatsira magetsi cha mavolti 36, chimene chidzagwira ntchito kumudzi popeza magetsi a m'nyumba kuno ndi ku Malawi ndi ofanana, mavolti 230. Asadzazule waya wa mota kabokosi kali koyaka, chifukwa kamapsa nthawi yomweyo, ndipo magetsi akazima ntchito ili mkati adzayenera kubwezera makinawo poyambira asanapitirize. Zipangizozi zisanagulidwe, iye atumize muyeso wa tebulo la makinawo ndi kulemera kwa mtanda umene udzanyamule chosemera, ndipo amalume anene amene angakalandire katunduyo ku Blantyre basi ikadzafika.

Moni apite kwa agogo, azakhali ndi ana onse.

Mwana wanu wa ku Joni.